Mapanga Awiri Avumbwitsa, Nanga Limodzi?

Akulu akale sankataya mawu pachabe, ndipo pa mwambi wakuti "mapanga awiri avumbwitsa" adapanikiza nkhani yonse m'mawu atatu okha. Munthu ali paphiri, kumwamba kwachita mdima, kumanja kuli phanga, kumanzere kuli lina. Athamangira loyamba, ali m'njira akumbuka kuti lachiwiri lija n'lalikulu. Atembenuka, asanafike aganiza kuti loyamba lija linali pafupi. Mvula siidikira kuti amalize kulingalira. Afika kumudzi madzi akuchucha, pamene mnzake amene adali ndi kaphanga kamodzi kopanikiza wafika wouma. Mwambiwu timauponyera mnyamata wofunsira mbeta ziwiri, wandale wodya uku ndi uku, wophunzira woyamba maphunziro atatu osamaliza ngakhale amodzi, ndipo kawirikawiri umalasa penipeni. Koma mwambi ukazolowereka umalowa m'khutu osadzera m'mutu, ndipo sitifunsanso kuti chidamuvumbwitsa munthu uja n'chiyani kwenikweni: kuchuluka kwa mapanga, kapena nthawi imene adayamba kusankha? Funsoli ndikufuna kuliyesa pamalo amene makolo athu sadawalotepo, pa masewero a disc golf, pamene katswiri amabereka chikwama cha zimbale pafupifupi makumi awiri ndipo pa kuponya kulikonse ayenera kutulutsamo chimodzi.

Masewerowa adakulira ku America. Ed Headrick, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Wham-O yopanga zimbale zouluka za Frisbee, adakonza bwalo loyamba lokhazikika ku Oak Grove Park, ku Pasadena m'chigawo cha California, mu 1975. Chaka chotsatira adayambitsa bungwe la PDGA, limene mpaka lero limasunga malamulo a masewerowa, ndipo mu 1977 boma lidamuvomereza kukhala mwini luso la dengu lachitsulo lokhala pa mzati, la maunyolo olendewera amene amagwira chimbale n'kuchigwetsera m'kati. Lero mabwalo alipo zikwizikwi, ambiri ku America, ndipo ku Ulaya dziko la Finland lidawakonda kuposa ena onse. Wosewera amaima poyambira n'kuponya chimbale kulunjika ku dengu limene lingakhale pa mtunda wa mamita 80, 150 kapena kupitirira, nthawi zambiri kuseri kwa mitengo, kutsidya kwa dziwe kapena pamwamba pa chitunda. Pamene chagwera ndi pamene aponyeranso, mpaka chilowe. Bwalo lathunthu limakhala ndi madengu 18, ndipo wopambana ndi amene waponya kochepa. Dengu lililonse lili ndi chiwerengero chake choyembekezeka, par. Ukachepetsako kamodzi wapeza birdie. Chimbale chikagwera m'madzi kapena kunja kwa malire amakuwonjezera kuponya kumodzi ngati chilango. Palibe wokulanda chimbale, palibe wokutchinga. Chilichonse chochitika chachokera m'dzanja lako ndi m'maganizo amene alituma.

Kuchuluka kwa mapanga kumayambira m'chikwama momwemo. Muli zimbale za milomo yakuthwa zouluka kutali, ma driver, muli zapakatikati, muli za milomo yobuntha zoponyera pafupi, ma putter. Makampani ambiri, potsatira njira imene idatchuka ndi Innova, amalemba manambala anayi pa chimbale: liwiro, kuyandama m'mwamba, kupatukira kumanja chikadali ndi mphamvu, ndi kugwera kumanzere chikatopa. Driver yotchedwa Destroyer ndi 12, 5, -1, 3. Putter yotchedwa Aviar ndi 2, 3, 0, 1. Kenako pali dzanja. Woponya ndi dzanja lamanja akakoka chimbale modutsitsa pachifuwa, kaponyedwe ka backhand, chimakathera kumanzere. Akachikwapula kuchokera m'mbali, forehand, chimakathera kumanja. Akachipendeketsa mlomo wakunja kuloza pansi ndiyo hyzer, akauloza m'mwamba ndiyo anhyzer, ndipo njira za m'mlengalenga zimasiyana kutalitali. Pamwamba pa zonsezi pali mphepo. Yochokera kutsogolo imachinyamula chimbale n'kuchipatutsira kumanja ngati kuti chaponyedwa mwamphamvu kuposa mmene chaponyedwera. Yochokera kumbuyo imachikanikizira pansi n'kuchigwetsera kumanzere msanga. Munthu woima poyambira, tsono, ali pakati pa phiri lodzaza mapanga, ndipo mvula yake ndi wotchi: kwa zaka zambiri lamulo la PDGA lakhala likumupatsa masekondi 30 okha kuti aponye nthawi yake ikakwana.

Apa mwambi ukunena zoona, ndipo aliyense woonera mpikisano wa m'nkhalango amadziwa maonekedwe a kuvumbwa. Pakati pa njira pali mtengo. Kumanzere kwake kuli mpata wotakasuka koma wozungulira, kumanja kuli mpata wopapatiza koma wolunjika ku dengu. Wosewera amene wayamba masitepe ake asanagamule mlandu wa mipata iwiriyi, maso ali kumanja mtima uli kumanzere, chimbale chake sichidutsa uku kapena uko. Chimakamenya mtengo wapakati, umene sadaufune n'komwe. Limeneli si tsoka ayi: thupi lapatsidwa malamulo awiri ndipo lagawa pakati. N'chimodzimodzinso akakhala mamita 15 kuchokera pa dengu, kuseri kwake kuli chitsetsereko chopita kumadzi. Njira zoona zilipo ziwiri. Kaya aponye mwamphamvu ndi molunjika pa maunyolo, atavomereza kuti akaphonya chimbale chipitirira. Kaya aponye chapansipansi ndi mofatsa, chikagone patsinde pa dengu, adzalowetse ulendo wotsatira. Wosankha zonse ziwiri amaponya mokweza kwambiri moti sichingaime pafupi, komanso mofooka moti sichingafike. Chimagunda m'munsi mwa dengu, n'kuima chamlomo, n'kugubuduka mpaka kumadzi komwe ankakuopa. Ndipo pali chinthu china chimene chimapangitsa kukayika kukhala kodula kwambiri m'masewero amenewa: chimbale chothamanga ngati Destroyer chimafuna liwiro lake lonse kuti chiuluke molunjika. Dzanja likangozengereza pang'ono, chimagwera kumanzere ulendo usanafike pakati. Mantha a mumtima amalembedwa m'mlengalenga aliyense akuona.

Ofufuza za maganizo a munthu adaziyeza zinthu izi, ngakhale ambiri adaziyeza pa gofu wa ndodo ndi kampira. Mu 1952 W. E. Hick wa ku Britain adaonetsa kuti nthawi imene munthu amatenga kuti asankhe imakula zosankha zikamachuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Sian Beilock ndi anzake adapeza kuti odziwa gofu amalowetsa bwino kampira maganizo awo akakhala pa chinthu china kusiyana ndi pamene akutsatira kayendedwe ka manja awo pang'onopang'ono. Luso limene lidakhazikika kale m'thupi limasokonezeka mwini wake akayamba kulilondera. Ndipo mu 1998 Daniel Wegner ndi anzake adauza anthu kuti asapitirize kampira pa chizindikiro, kwinaku atawapatsa china choti asunge m'mutu: ambiri adachita chimene adaletsedwacho. Phunziro la zitatuzi pa disc golf n'loonekeratu. Amene akudziuza kuti "ndisamenye mtengo uwo" sadasankhe kalikonse, wangoika mtengo pakati pa maganizo ake. Amene akudziuza kuti "chidutse kumanja kwa nthambi ija, pa msinkhu wa chifuwa" wapatsa thupi ntchito imodzi yomveka, ndipo thupi limadziwa kuigwira.

Koma wina adzati: ngati zili choncho, bwanji osangokhala ndi phanga limodzi? Tenga chimbale chimodzi, phunzira kaponyedwe kamodzi, kukayika kuthe. Mawuwa ali ndi mbali yoona imene ndiifikira kutsogoloku, koma pa bwalo la akatswiri sangayende. Wodziwa backhand yokha tsiku lina adzapezeka kuseri kwa chitsamba kumene njira yokhayo yotulukira ikufuna chimbale chokathera kumanja, ndipo tsiku limenelo adzavumbwa ali ndi phanga limodzi, chifukwa phangalo lili kutsidya kwa phiri. N'chifukwa chake pafupifupi onse opambana masiku ano amaponya mbali zonse ziwiri, ndipo amanyamula zimbale za mtundu umodzi zingapo, china chatsopano, china chakutha chimene chimauluka mosiyana. Kudziwa mapanga ambiri ndi chuma. Chimene mwambi sunanene poyera, ndipo ndikuona kuti ndicho mtima wa nkhaniyi, n'chakuti munthu uja adayamba kusankha mvula itayamba kale. Akadaliyenda phirilo kukuwala, akadadziwa kuti mvula ya kum'mawa ikabwera phanga lakumanja limadontha, ndipo tsiku la mvula miyendo ikadamutengera kolondola iye osaima. Ndizo zimene akatswiri amachita masiku oyeserera mpikisano usanayambe. Amayenda bwalo lonse, amaponya zimbale zingapo pa dengu lililonse, amalemba m'kabuku: mphepo ikachokera kutsogolo nditenga chakuti, kukakhala bata nditenga chakuti, ndikafika pano ndili patsogolo kawiri sindiwoloka madzi. Wosewera bawo amawerenga maenje manja ali pamaondo. Akanyamula njere, kuwerenga kwatha, chatsala n'kufesa. Masekondi 30 aja si oganizira njira ayi, ndi oyang'anira mphepo, kutsimikiza zimene udaganiza dzana, kupuma, ndi kuponya.

Palibe tsiku limene lidaonetsa nkhaniyi bwino kuposa lomaliza la mpikisano wa dziko lonse wa 2021 ku Ogden, m'chigawo cha Utah. Paul McBeth, amene panthawiyo adali atatenga chikho chimenechi kasanu, adafika pa dengu la 18 ali patsogolo pa James Conrad ndi kuponya kumodzi. McBeth adayamba bwino. Chimbale cha Conrad chidagunda mtengo, ndipo ulendo wachiwiri adangochitulutsira poyera, akadali kutali. McBeth, poona kuti par imukwanira, sadafune kulimbana ndi malire ozungulira dengu; adaponya mosamala, kuyandikira chabe. Conrad adatsala ndi mamita pafupifupi 75, dengu lili mokhota kumanja, ndipo kuti afanane ndi mnzakeyo chimbale chidayenera kulowa pa ulendo womwewo. Adatenga putter yotchedwa Envy, adaiponya backhand moipendeketsa anhyzer, idakhota m'mlengalenga n'kukalowa m'maunyolo. McBeth adapeza par yake ija, awiriwo adafanana, ndipo pa dengu loyamba la kulekanitsa chimbale cha McBeth chidatuluka malire, Conrad n'kutenga chikho. Taonani chimene chidamumasula dzanja Conrad: mapanga ake onse adali atagumuka kupatula limodzi. Kuyandikira kudalibe phindu, kupitirira kudalibe choopsa chowonjezera. Funso lakuti "ndiyese kapena ndisamale" silidalipo, ndipo mphamvu zonse za maganizo zidapita pa njira imodzi ya chimbale.

Anthu ambiri amaitenga nkhaniyi ngati umboni wakuti wolimba mtima ndiye amapambana, ndipo kuti McBeth adalakwa kusamala. Ine ndikukana. McBeth adasankha phanga limodzi, adalisankha nthawi yabwino, adalowamo ndi mtima wonse, ndipo lidali phanga loyenera. Kulowetsa kuchokera pa mamita 75 n'chinthu chimene ngakhale katswiri amachichita mwa apo ndi apo. Munthu wanzeru sangaike chikho pangozi ya malire pofuna kudziteteza ku chinthu chosowa chotero. Akadabwereza tsikulo kambirimbiri, njira yake ikadamupatsa chikho pafupifupi nthawi zonse. Komabe adavumbwa. Apa ndi pamene mwambi umathera mphamvu, pakuti umatiuza chimene chimanyowetsa koma sulonjeza kuti wosankha bwino adzauma. Ndipo chinthu chovuta kwambiri pa kukonzekera m'maganizo ndi chimenechi: kuphunzira kuweruza chisankho ndi zimene unkadziwa pochipanga, osati ndi kumene chimbale chidakagwera. Wosewera amene waponya mosaganiza pa kampata kakang'ono, chimbale n'kudutsa mwamwayi, akadzitama waphunzira bodza limene lidzamudya mawa. Amene wasankha bwino, chimbale n'kugunda muzu n'kugubudukira kunja, akadzida wataya njira yabwino chifukwa cha muzu. McBeth adatenganso chikho chimenechi chaka chotsatira, mu 2022, kukhala kachisanu ndi chimodzi.

Pali malire ena a mwambiwu, oopsa kuposa oyambawo, chifukwa amabisala m'chovala cha kulimba mtima. Kusakayika pa kuponya kumodzi n'kwabwino. Kukana kuganizanso pakati pa kuponya ndi kuponya ndi liuma. Ku Rock Hill, m'chigawo cha South Carolina, pa bwalo la sukulu ya ukachenjede ya Winthrop, kumachitika mpikisano waukulu wa dziko la America kuyambira 1999, ndipo dengu la 17 kumeneko lili pa kachilumba ka malire, m'mphepete mwa nyanja yaing'ono. Mu 2014 JohnE McCray adafika pamenepo tsiku lomaliza ali patsogolo bwino ndithu. Adaphonya kachilumbako, adaponyanso, adaphonyanso, kangapo motsatizana, mpaka mpata wonse udatha, ndipo chikho chidapita kwa Will Schusterick. Sindikumunena ngati munthu wopanda nzeru. Adali katswiri amene adasewera bwino koposa onse sabata yonseyo, ndipo kuponya kumene kudamukanika kudali kumene akadakutha tsiku lina lililonse. Koma chimbale choyamba chitagwera kunja, zinthu zidali zitasintha: mpata udachepa, dzanja lidalawa kuphonya, mtima udayamba kuthamanga. Pamenepo mlandu umafunika kuutsegulanso, kufunsa ngati njira imene idali yabwino mphindi yapitayo ikadali yabwino. Mwambi ukamveka ngati ukuti "usasinthe maganizo," wamveka molakwika. Nthawi yosintha ilipo, ndipo ndi pamene chimbale chili m'chikwama. Nthawi yosasintha ndi pamene phazi layamba kuyenda. Kukayika kukabwera pamenepo, chanzeru n'kuima, kubwerera m'mbuyo ndi kuyambiranso, malinga nthawi ikulola.

Choipa china n'chakuti mtima suyeza mapanga ndi muyeso wolungama. Mu 2011 Devin Pope ndi Maurice Schweitzer adafalitsa kafukufuku wa maulendo oposa 2.5 miliyoni amene akatswiri a gofu a PGA Tour adayesa kulowetsa kampira m'dzenje, ndipo adapeza kuti pa mtunda wofanana amalowetsa kwambiri akamateteza par kusiyana ndi pamene akufuna birdie. Kuponya kumodzi ndi kumodzi basi pa chiwerengero chomaliza, koma mtima umaopa kutaya kuposa mmene umakondera kupeza. Pa disc golf matendawa amaoneka bwino munthu akangotaya pa dengu lina: amafika pa lotsatira ali ndi ngongole m'mutu, n'kusankha kampata kopapatiza kamene dzana adalemba m'kabuku kuti sadzadutsamo, pofuna kubweza msanga. Dengu latsopanolo silidziwa za ngongole imeneyo. Mtengo uli pomwe udali, mphepo ndi yomweyo, ndipo mwayi wodutsa pa kampatako sunakule chifukwa chakuti iye wapsa mtima. Kabuku kaja ntchito yake yaikulu ndi imeneyi: kamasunga mawu a munthu wodekha kuti adzalankhule kwa munthu yemweyo atatekeseka.

Tsopano mbali yoona ija ya wotsutsa uja. Zonse ndanenazi za ubwino wa mapanga ambiri ndi za munthu amene adawayenda onse. Wongoyamba kumene akadzaza chikwama ndi zimbale zothamanga zimene dzanja lake silingazidzutse, sadapeze njira zambiri, wapeza zifukwa zambiri zokayikira, ndipo zonse zimagwera kumanzere mofanana. Kwa iyeyo aphunzitsi ambiri amati ayambe ndi putter ndi chimbale chimodzi chapakatikati, adziwe mmene zimaulukira m'bata ndi m'mphepo, kenako awonjezere. Ayeneranso kusankha njira poyang'ana kaponyedwe kake ka masiku onse, osati kamodzi kaja kamene chimbale chidauluka ngati cha katswiri. Ngati pa maulendo khumi dziwe amaliwoloka katatu, dziwelo saliwoloka, ndipo njira yake ndi yozungulira. Palibe manyazi pa kutulutsira chimbale m'mbali kuchokera m'tchire m'malo mofuna kuboola nthambi. Conrad yemweyo adachita zimenezi mphindi zochepa asanaponye chimbale chimene chidamutchukitsa. Ndiye inu amene mudzaphunzitse mwana kapena mnzanu masewerowa, musamamufunse chimbale chitagwa kuti walakwitsa pati. Mufunseni chikadali m'manja: watenga chiti, chidutsa pati, chikagwera pati? Akalephera kuyankha chimodzi mwa zitatuzi, muuzeni abwerere m'mbuyo, asaponye.